Nsalu yonyowa pa mwana wotentha thupi: madzi amathandiza pati, amalekera pati?

Mayi wa ku Chinamwali:
Moni nonse, makolo ndi abale anga. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri, ndipo ndikupempha amene ali ndi chidziwitso chenicheni kuti andithandize. Mwana wanga wamwamuna wa zaka zitatu anatentha thupi pakati pa usiku. Bambo ake anali kuntchito, choncho m'nyumba tinalimo ine ndi apongozi anga omwe anabwera kudzationa. Apongozi anatenga chitenje, n'kuchiviika m'ndowa ya madzi ogona panja, n'kumukulunga mwanayo kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. Inu mukudziwa mmene madzi ogona panja amazizirira kuno mwezi wa June, makamaka mphepo ikamatsika kuchokera kuphiri. Mwanayo analira kwambiri, kenako anayamba kunjenjemera mpaka mano kumagundana. Ine mantha atandigwira ndinamuchotsa chitenjecho n'kumufungatira. Apongozi sanakondwe nazo, akuti ana awo onse asanu ndi mmodzi anawalera motero. Kutacha tinapita kuchipatala, anamubaya chala, anamupeza ndi malungo, ndipo pano akumwa LA. Kodi kukulunga munthu wotentha thupi ndi nsalu yozizira ndi chithandizo chenicheni? Ndikufunsa chifukwa mnzanga wa kutchalitchi akunena kuti ngakhale ku Ulaya amachita zimenezi, ndipo kuli malo ochizira anthu ndi madzi okha.

Agogo a ku Songani:
Mwanangu, pepa ndi matendawo, ndipo tikuthokoza kuti mwanayo walandira mankhwala. Apongozi ako usawaone ngati anafuna kumupweteka mdzukulu wawo. Ife tinakula chipatala chili kutali, ndipo usiku mwana akatentha thupi, chimene mayi anali nacho pafupi ndi madzi, nsalu ndi manja ake. Komabe kwathu amayi anga sankagwiritsa ntchito madzi ozizira pa mwana. Ankatenthetsa madzi pang'ono mumphika, n'kusakaniza ndi ozizira mpaka akhale ofunda, kenako n'kumamupukuta pamphumi, m'khosi ndi m'khwapa. Madzi otentha ndithu ankasungira kuthowa: munthu akagwa panjinga, akatupa bondo, kapena mayi akangobereka kumene. Ankaviika kansalu m'madziwo, kufinya, n'kumadinikiza pang'onopang'ono pamalo popwetekapo. Za nsalu yozizira yokulunga thupi lonse ndinazionapo kwa anthu ena, koma ine mtima sunandilole kuchita pa ana anga.

Namwino wopuma ntchito, Matawale:
Amayi, munachita bwino kuchotsa chitenjecho, ndipo munachita bwino koposa kupita kuchipatala kutangocha. Ndifotokoze pang'ono zimene zimachitika m'thupi, chifukwa munthu akazimvetsa savutika kusankha chochita ngakhale pakati pa usiku.

Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pafupifupi madigiri 37. Tizilombo tikalowa, kaya ta malungo kaya ta matenda ena, ubongo ndi umene umalamula kuti kutentha kukwere, ndipo umaika mlingo watsopano, mwina 39. Thupi limayamba kugwira ntchito kuti lifike pa mlingo umenewo. N'chifukwa chake munthu wa malungo amamva kuzizira ndi kupempha bulangete pamene ife tikumugwira tikumva kuti akuotcha. Tsono mukamuthira madzi ozizira kwambiri pakhungu, ubongo sunasinthe lamulo lake lija. Mitsempha ya magazi ya pakhungu imafinyika kuti kutentha kusatuluke, minofu imayamba kunjenjemera kuti ipange kutentha kwina, ndipo ngakhale khungu lazizira mukaligwira, m'kati mwa thupi mukhoza kukhala motentha monga kale. Mwana wavutika, walira, watha mphamvu, koma phindu lake ndi lochepa kwambiri.

Madzi ofunda amene agogo anena ndi abwinopo chifukwa sadzidzimutsa thupi. Ngakhale zili choncho, kupukuta ndi madzi ofunda kumatsitsa kutentha pang'ono chabe ndiponso kwa kanthawi kochepa, moti bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo kwa madokotala a ku Britain, silikulimbikitsanso njirayi pa ana. Ine ndimati ngati mwana akumva bwino mukamamupukuta, pukutani. Akayamba kulira kapena kunjenjemera, lekani. Chofunika kwambiri ndi kumuvula zovala zolemera, kumupatsa zakumwa pafupipafupi kapena kumuyamwitsa, kumupatsa panado pa mlingo wogwirizana ndi msinkhu wake, ndi kupita kukayezetsa magazi tsiku lisanathe. Asipirini musapatse ana. Ndipo LA wayambayo amalize ndithu, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri.

Mayi wa ku Chinamwali:
Zikomo kwambiri anamwino. Nanga usiku ngati umenewo, ndi zizindikiro ziti zomwe zikanandikakamiza kusadikira kuti kuche?

Namwino wopuma ntchito, Matawale:
Mwana akakomoka kapena kuphiriphitha, akamalephera kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse chomwe mwamupatsa, akafooka moti simukutha kumudzutsa bwinobwino, akamapuma movutikira mpaka nthiti kumalowa m'kati, kapena akauma khosi, musadikire tambala. Dzutsani woyandikana naye nyumba, funani kabaza kapena galimoto, pitani usiku womwewo. Khanda losakwana miyezi itatu likangotentha thupi, ngakhale popanda chizindikiro china chilichonse, limafunika kuonedwa kuchipatala nthawi yomweyo.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Chirunga:
Ndiloleni ndiyankhe mbali ya funso yokhudza Ulaya, chifukwa mnzawo wa amayiwa sananame, kungoti nkhaniyo anaimva theka. Njira yokulunga ndi nsalu yonyowa ili ndi mwini wake wodziwika. Anali mlimi wotchedwa Vincenz Priessnitz, yemwe anabadwa mu 1799 ndi kumwalira mu 1851, wa m'mudzi wa Gräfenberg, womwe lero uli m'dziko la Czech Republic pafupi ndi tawuni ya Jeseník. Ali mnyamata anapondedwa ndi ngolo n'kuthyoka nthiti, ndipo anadzisamalira yekha podzikulunga ndi nsalu zonyowa mpaka anachira. Mbiri yake inawanda, anthu anayamba kubwera kuchokera kutali, olemera ndi achifumu omwe, ndipo mudzi wa alimi unasanduka malo ochizira anthu ndi madzi.

Koma taonani mmene nsalu ya Priessnitz imamangidwira, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Nsalu yoyamba imaviikidwa m'madzi ozizira n'kufinyidwa kwambiri mpaka isamadonthe. Imaikidwa pamalo amodzi, monga pakhosi kapena pachifuwa. Pamwamba pake amakulungapo nsalu youma, ndipo pamwamba pa yonseyo amaikapo ya ubweya wa nkhosa. Kuzizira kumamveka mphindi zochepa zoyambirira zokha, kenako thupi limatumiza magazi pamalopo, nsaluyo imafunda, ndipo munthu amagona akumva kutenthera. Cholinga chake ndi kufunditsa malo opwetekawo pogwiritsa ntchito kutentha kwa thupi lomwelo. Lamulo lake ndi lakuti ngati pakapita kanthawi nsalu sinafunde ndipo munthu akumvabe kuzizira, ichotsedwe. Chitenje chonyowa chokulunga thupi lonse la mwana, popanda chouma pamwamba, usiku wa June ku Chinamwali, ndi chinthu china kotheratu.

Wachiwiri wodziwika ndi wansembe wa Katolika wa ku Bavaria m'dziko la Germany, Sebastian Kneipp, yemwe anabadwa mu 1821 n'kumwalira mu 1897. Ali pasukulu anadwala chifuwa chachikulu, ndipo mu 1849 anayamba kumadziviika kwa kanthawi kochepa mumtsinje wa Danube m'nyengo yozizira, ku Dillingen. Atachira anakhulupirira kuti madzi ndiwo amupulumutsa. Anatumikira ku Wörishofen kuyambira 1855, ndipo buku lake lonena za kuchiza ndi madzi, lomwe linatuluka mu 1886, linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Iye anaphunzitsa kuyenda m'madzi ozizira ofika m'munsi mwa mawondo, kukweza phazi limodzi kunja kwa madzi pa sitepe iliyonse, komanso kuthira madzi m'miyendo ndi m'manja. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti malamulo a njira yake ndi okhwima: madzi ozizira sathiridwa pa thupi lomwe lazizira kale, sachedwa pathupi, ndipo pambuyo pake munthu ayenera kuyenda kapena kufunda mpaka atenthedwe. Sankadalira madzi okha, ankanenanso za zitsamba, zakudya, kulimbitsa thupi ndi moyo wadongosolo. Mmodzi mwa anthu amene anathandizidwa naye, Benedict Lust, ndi amene anapita ndi maganizowa ku America n'kufalitsa dzina lakuti naturopathy, kutanthauza kuchiza ndi njira zachilengedwe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Mpaka lero makolo ambiri a ku Germany amakulunga miyendo ya ana otentha thupi, kuyambira m'munsi mwa mawondo mpaka mu akakolo, ndi nsalu zonyowa. Koma amagwiritsa ntchito madzi ofunda, ndipo sachita ngati mwana akunjenjemera kapena mapazi ake ali ozizira. Mwaona kuti zikufanana kwambiri ndi zimene amayi awo a agogo a ku Songani ankachita popanda kuwerenga buku lililonse.

Agogo a ku Songani:
Aphunzitsi, mwandisangalatsa. Ndiye kuti nzeru ya madzi ofunda sinali yathu yokha.

Bambo wa mpingo wa Seventh-day Adventist, Sadzi:
Ndionjezerepo za ku America, popeza ife a mpingo wathu nkhani imeneyi tinakula nayo. Dokotala John Harvey Kellogg anatsogolera chipatala cha Battle Creek ku Michigan kuyambira 1876, ndipo kumeneko kuchiza ndi madzi kunali mbali yaikulu ya ntchito yawo. Mpingo womwewo ndi umene unayambitsa mishoni ya Malamulo ku Thyolo mu 1902, ndipo mpaka pano m'maphunziro a zaumoyo a mumpingo timamva za madzi, dzuwa, mpweya wabwino ndi kupuma. Kunyumba kwanga chomwe timachita kawirikawiri ndi kuviika mapazi m'beseni la madzi otentha bwino, munthu atafunda bulangete, kansalu kozizira kali pamphumi, kwa mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri. Mkazi wanga akayamba chimfine kapena mutu wobwera chifukwa cha kutopa, zimenezi zimamugonetsa tulo tabwino. Sindinganene kuti zimachiza chimfine, chifukwa chimfinecho chimatenga masiku ake omwe aja, koma mpumulo umene amapeza ndi weniweni. Ndikumbutsenso kuti Malamulo yomweyo ndi chipatala chopereka mankhwala, kuchita maopaleshoni ndi kuphunzitsa anamwino. Mpingo suphunzitsa kuti wa malungo asambe m'malo momwa mankhwala.

Namwino wopuma ntchito, Matawale:
Abambo, kuviika mapazi n'kwabwino kwa munthu wathanzi, koma pali anthu omwe ndikuwapempha ndi mtima wonse kuti asachite: odwala matenda a shuga. Shuga akakhalitsa amawononga mitsempha ya m'mapazi, moti munthu samva bwino kutentha kapena kupweteka. Ndili pantchito ndinasamalirapo bambo wina wachikulire yemwe ana ake, pomufunira zabwino, anamuviika mapazi m'madzi otentha chifukwa ankadandaula dzanzi. Iye anakhala phee, akunena kuti madziwo ali bwino. Kutacha mapazi onse awiri anali matuza okhaokha, ndipo chifukwa cha shugayo zilonda zinatenga miyezi kuti zipole. Ana aja ankalira ndi chisoni, koma analibe wowauza. Aliyense woikira mnzake madzi, ayambe wawayesa ndi chigongono chake, chifukwa khungu la m'manja mwa munthu wozolowera kuphika silimva kutentha msanga.

Bambo wa ku Mulunguzi:
Ine ndikuona ngati madzi tikuwachepetsa mphamvu. Kwa zaka ziwiri tsopano ndimasamba madzi ozizira m'mawa uliwonse, ngakhale chiperoni chitavuta bwanji, ndipo Loweruka ndimakwera kuphiri n'kukadziviika mumtsinje kumtunda kwa damu. Thupi langa lapepuka, ndimagona bwino, chimfine sichindigwira kawirikawiri. Ndinali kumwa mankhwala a BP, koma miyezi inayi yapitayo ndinasiya chifukwa ndikumva bwino kwambiri. Ngati wansembe uja anachira chifuwa chachikulu ndi madzi a mumtsinje, BP ingakanike bwanji?

Namwino wopuma ntchito, Matawale:
Achimwene, ndikukondwera kuti mukumva bwino, ndipo ndikukhulupirira kuti kukwera phiri sabata iliyonse kukukuthandizani kwambiri. Koma pa nkhani ya mankhwala ndikudandaulirani ngati mlongo wanu. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi. Munthu amayenda, amaseka, amagwira ntchito, pamene mitsempha ya muubongo, mtima ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete, ndipo ambiri amadziwa tsiku lomwe agwa n'kufa ziwalo. Kumva bwino si umboni wakuti BP yatsika. Chinanso, munthu akalowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira kwambiri, mpweya umabanika, mtima umagunda mofulumira, mitsempha imafinyika ndipo BP imakwera pa mphindi zoyambirirazo. Kwa munthu amene ali kale ndi vutoli ndipo wasiya mankhwala, mphindi imeneyo ndi yoopsa, makamaka ali yekha mumtsinje kuphiri. Pitani mukayezetse sabata ino. Ngati yatsikadi chifukwa cha kulimbitsa thupi, adokotala ndi amene angachepetse mankhwalawo mwadongosolo.

Bambo wa ku Mulunguzi:
Anamwino, ndakumvani, koma funso langa la wansembe uja simunaliyankhe.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Chirunga:
Limenelo ndiliyankhe ine, popeza ndine ndinabweretsa nkhaniyo. Pamene Kneipp ankalowa mu Danube mu 1849, panalibe munthu padziko lapansi amene ankadziwa chomwe chimayambitsa chifuwa chachikulu. Kachilombo kake anakatulukira Robert Koch mu 1882, ndipo mankhwala oyamba amphamvu, streptomycin, anapezeka m'zaka za m'ma 1940. Nthawi imeneyo isanafike, ena odwala chifuwachi ankachira okha thupi likalimbana nacho, koma ochuluka ankamwalira, kuphatikizapo amene anayesa madzi, mpweya wa kumapiri ndi njira zina zonse. Ife timamva za amene anachira chifukwa ndi amene anakhala ndi moyo n'kulemba mabuku. Tikumbukirenso kuti madokotala a masiku amenewo ankachotsa odwala magazi ndi kuwamwetsa mankhwala okhala ndi mercury, yemwe ndi poizoni. Munthu wothawa zimenezo n'kupita kwa Priessnitz, komwe ankamwa madzi oyera, kudya chakudya wamba, kuyenda m'mapiri ndi kugona nthawi yabwino, sizodabwitsa kuti ankabwerako ali bwino. Ine ndimawalemekeza anthu awiriwa, koma kuchira kwa munthu mmodzi mu 1849 sikungakhale chifukwa chosiyira mankhwala lero. Wotsokomola milungu iwiri akayezetse makhololo. Mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi aulere ndipo amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi.

Bambo wa ku Mulunguzi:
Chabwino. Kusamba sindisiya, koma Lolemba ndipita kukayezetsa, ndipo ndidzakuuzani zotsatira zake. Kumtsinje ndizipita ndi mnzanga.

Mayi wogulitsa mandasi, msika waukulu wa Zomba:
Ndikupempha kuti tisatseke nkhaniyi tisananene za kupsa, chifukwa apa ndi pamene ine ndinaona madzi ozizira akugwira ntchito ndi maso anga. Chaka chatha mafuta otentha anandithira padzanja lamanzere chiwaya chitapendekeka. Anzanga anathamanga, wina ndi dzira, wina ndi mankhwala otsukira mano, wina akuti tithire mchere. Mtsikana wina wophunzira za unamwino yemwe ankagula tomato pafupi anawaletsa onsewo, anandigwira mkono n'kupita nane pampope, n'kundiuza kuti dzanja likhale pansi pa madzi oyenderera mphindi makumi awiri. Anandivula mphete nthawi yomweyo chala chisanatupe. Mphindi makumi awiri ndi zambiri munthu ukumva ululu ndipo malonda ali okha, koma iye anaima nane akuyang'ana nthawi pafoni. Kenako anandiphimba ndi kansalu koyera n'kundiuza kuti ndipite kuchipatala. Lero chipsera chake n'chaching'ono moti ambiri sachiona.

Namwino wopuma ntchito, Matawale:
Mtsikana ameneyo anaphunzira bwino. Pa kupsa, madzi ozizira a pampope ndi chithandizo choyamba chenicheni, chifukwa khungu limapitiriza kupsa m'kati ngakhale moto kapena mafuta atachoka, ndipo madziwo amachotsa kutenthako. Ngati mpope palibe, thirani ndi kapu kuchokera m'ndowa ya madzi oyera mosalekeza. Ayezi musaike, chifukwa amawononga khungu lomwe lavulala kale. Matuza musaboole. Akakhala mwana, ziziritsani pamalo pomwe papsa pokha ndipo thupi lonse mulifunditse, chifukwa ana amazizidwa msanga. Kupsa kwa kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena kokula kuposa chikhatho cha wopsayo, komanso kupsa kulikonse kwa mwana wamng'ono, kumafunika chipatala.

Pomwepa nditchulenso kufukiza. Nthawi ya Covid-19 nyumba zambiri kuno zinkawiritsa masamba a bulugamu ndi mandimu, anthu n'kumadzifunditsa bulangete pamwamba pa mphika. Nthunzi imatha kutsegula mphuno kwa kanthawi, koma sipha kachilombo komwe kali m'thupi, ndipo ngozi yake ndi mphika wa madzi owira pafupi ndi miyendo ya munthu amene sakuona chifukwa wafunda kumutu. Ana ndiye asayandikire n'komwe. Mwana akagwedeza mwendo kamodzi kokha, madzi onse amathera pantchafu.

Mnyamata wosewera mpira, Chikanda:
Makolo anga, ine funso langa ndi la kubinya. Ndikabinya kakolo pabwalo, aphunzitsi athu a mpira amati ndiike ayezi, koma ndikafika kunyumba amayi amatenthetsa madzi kuti andithowe. Ndimvere ndani?

Namwino wopuma ntchito, Matawale:
Mwanangu, onse awiri ali ndi nthawi yawo. Masiku awiri oyambirira, pamene malowo akutupa ndi kutentha, ika chozizira: ayezi wokulunga m'kathaulo, kapena nsalu yoviika m'madzi ozizira ngati magetsi azima, kwa mphindi khumi ndi zisanu mpaka makumi awiri, n'kupumira maola awiri kapena atatu usanabwerezenso. Ayezi asakhudze khungu mwachindunji. Mwendo uukweze pamtsamiro. Kuthowa ndi madzi otentha tsiku loyamba kumawonjezera kutupa, chifukwa kutentha kumatsegula mitsempha. Kutupa kukayamba kuphwa, pamenepo amayi ako akuthowe, ndipo udzamva minofu ikumasuka. Koma ngati sukutha kuponda ngakhale masitepe anayi, kapena fupa lenilenilo likupweteka ukalikhudza, pita akakujambule, chifukwa kuthyoka ndi kubinya zimafanana poyamba. Uwauzenso anzako kuti amene ali ndi matenda a sickle cell asaike ayezi kapena kusamba madzi ozizira kwambiri, chifukwa kuzizira kumawayambitsira ululu woopsa wa m'mafupa.

Mlimi wa mpunga, Kachulu:
Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzira zambiri. Ine ndingochenjeza za madzi enieniwo. Anzathu a m'tawuni mukamanena zoyenda m'madzi kapena kudziviika, mukuganiza za mpope kapena mitsinje ya kuphiri. Kuno kunyanja ya Chilwa ndi m'madambo a mpunga, madzi odekha ali ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu munthu akungoima m'madzimo. Wina asamve nkhani ya wansembe wa ku Germany n'kumakayenda m'dambo m'mawa uliwonse kuti alimbitse thupi. Ife timalowamo chifukwa cha ntchito, ndipo ana athu ambiri amadwala likodzo. Chimodzimodzinso madzi otsukira chilonda kapena oti mayi wongobereka kumene akhalemo: awiritsidwe kaye n'kuzizira, kapena athiridwe klorini. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa kuti madzi ooneka oyera m'maso sakhala oyera nthawi zonse.

Agogo a ku Songani:
Abambo a ku Kachulu mwatchula za mayi wongobereka, ndipo ine ndikufuna kuvomera kulakwa kwa m'badwo wathu. Tinkathowa amayi ndi madzi otentha kwambiri, tikukhulupirira kuti akapanda kumva kuwawa ndiye kuti m'mimba simuchira. Ena ankapsa khungu koma ankapirira poopa kunenedwa kuti ndi amantha. Mdzukulu wanga atabereka chaka chatha, azamba anamuuza kuti azikhala m'beseni loyera la madzi ofunda kwa mphindi zochepa, kenako n'kudzipukuta bwino ndi nsalu yoyera. Ndinaona kuti anachira bwinobwino popanda kuvutika kumene ife tinavutika. Anandiuzanso kuti mayi wongobereka akatentha thupi, akamataya magazi ambiri kapena zotuluka zikamanunkha, si nkhani ya kuthowa, ndi yothamangira kuchipatala.

Namwino wopuma ntchito, Matawale:
Agogo, mwanena zoona, ndipo kukhala m'madzi ofunda koteroko kumathandizanso anthu ovutika ndi matenda a mudzi, chifukwa kumachepetsa ululu ndi kuyabwa. Koma munthu akamaona magazi popita kuchimbudzi, ayambe wapimidwa kaye kuti adziwe gwero lake. Ndipo wodwala khunyu asakhale yekha m'bafa kapena pafupi ndi beseni lodzaza, ngakhale madzi atakhala ochepa.

Mayi wa ku Chinamwali:
Makolo anga, ndabweranso. Mwana wamaliza mankhwala dzulo ndipo lero wadya phala mbale yonse. Madzulo ndinakhala pansi ndi apongozi n'kuwawerengera zimene mwalemba, makamaka mawu a agogo a ku Songani ndi nkhani ya nsalu zitatu zija. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiuza chinthu chomwe sindinkachidziwa: mwana wawo wachiwiri, mlamu wanga, anakomokapo ndi malungo ali wakhanda, ndipo kuyambira tsiku limenelo akangogwira mwana wotentha thupi, manja awo amathamangira madzi asanaganize n'komwe. Ndinamva chisoni kuti ndinawakwiyira mumtima. Tagwirizana kuti tigule kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, ndipo ndasunga nambala ya wakabaza wa pafupi ndi kwathu yemwe wavomera kuti tizimudzutsa usiku.

Tsono iwo ali ndi funso lawo, ndipo andituma kuti ndikufunseni anamwino. Mawondo awo amawawa ndi kuuma m'mawa, makamaka nyengo yozizira ino, ndipo kuchipatala anawauza kale kuti ndi nyamakazi ya ukalamba. Shuga alibe, anayezetsa mwezi wa April. Kodi awaike chozizira kapena awathowe?

Namwino wopuma ntchito, Matawale:
Apatseni moni wanga apongozi anuwo. Mawondo ouma a nyamakazi ya ukalamba nthawi zambiri amamva bwino ndi kutentha, choncho athoweni. Viikani thaulo m'madzi otentha omwe chigongono chanu chikutha kupirira bwinobwino, finyani, ikani pabondo, n'kuphimba ndi chitenje chouma pamwamba kuti kutentha kusathawe msanga. Likazizira viikaninso, mpaka mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri zikwane. Mukamaliza apinde ndi kuwongola bondolo pang'onopang'ono kangapo ali chikhalire, kenako ayende pang'ono pabwalo. Tsiku limene bondo latupa chifukwa ayenda mtunda wautali, ikani nsalu yozizira m'malo mwa yotentha. Koma likadzatupa mwadzidzidzi, n'kutentha kwambiri, iwonso thupi n'kutentha, musaike chilichonse, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi wa ku Chinamwali:
Ndawawerengera ndipo athokoza kwambiri. Madzi ndaika kale pambaula, ndipo mdzukulu wawo wakakamira kuti thaulo anyamule ndi iyeyo.